Musanadzale mtengo pafupi ndi chitsime, dziwani momwe tsamba limamwera madzi

 Masabata apitawa takhala tikukambirana za madzi akumwa: kuthira Certeza, kuvundikira ndowa, kusamba m'manja ndi sopo. Lero tikambabe za madzi, koma tiyang'ane kwa mnansi wina amene timamwa naye chitsime chimodzi. Mnansi ameneyu ndi mtengo.

Tikamayenda m'makomo, funso ili limabwera kawirikawiri. Aboma ndi amabungwe akuti tidzale mitengo. Kusukulu ana akhala akuuzidwa zimenezi kuyambira nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, pamene ankati mwana wasukulu aliyense adzale mtengo wake, mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Koma ena akuti bulugama amaumitsa zitsime. Enanso akuti anadzala mbande 50, zinapulumuka 3, madzi onse amene anasenza anangopita pachabe. Tsono timvere ndani? Onsewa akunena zoona. Kuti timvetse, tiyambire pa tsamba.

Timabowo ta kunsi kwa tsamba

Thyolani tsamba la mango, mulitembenuze. Kunsi kwakeko kuli timabowo tating'onoting'ono timene maso sangatione. Pamalo aang'ono ngati mutu wa phini pamakhala timabowo toposa 100. Ophunzira amatitcha estomas pa Chipwitikizi, pa Chingerezi amati stomata. Ife tingoti timabowo ta tsamba. Mitengo yambiri ili nato kunsi kwa tsamba, kumene dzuwa siliwomba mwachindunji.

Mtengo sudya dothi monga ena amaganizira. Chakudya chake umaphika wokha m'masamba. Umatenga madzi ochokera ku mizu, kuwala kwa dzuwa, ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, wotchedwa carbon dioxide. Zitatuzi zikakumana m'tsamba zimapanga shuga, ndipo shuga ameneyu ndi amene amasanduka thunthu, nthambi, nkhuni ndi zipatso. Mpweya uja ulibe polowera pena, umalowera pa timabowo timeneti basi.

Vuto lagona apa. M'kati mwa tsamba ndi monyowa. Kabowo kakatseguka kuti mpweya ulowe, madzi a m'katimo amatulukira pomwepo ngati nthunzi. Zili ngati kutsegula chitseko cha kukhitchini kuti mulowetse nkhuni, utsi nkutulukira pachitseko chomwecho. Tsamba silingadye popanda kutaya madzi. Likatseka timabowo kuti lisunge madzi, lasiyanso kudya, ndipo mtengo wasiya kukula.

Madzi otayika motere ndi ambiri kuposa momwe mungaganizire. Pa malita 100 alionse amene mizu yakoka pansi, oposa 95 amangodutsa mumtengo nkutulukira m'masamba. Kuti mtengo upange kilogalamu imodzi yokha ya nkhuni zouma, umataya malita mazana angapo. Tiyerekeze kuti ndi malita 400. Zimenezo ndi zigubu 20 za malita 20, zija timasenza pamutu kuchokera ku mjigo.

Mukhoza kudzionera nokha. M'mawa tengani jumbo yoonekera m'kati, yopanda chiboo, muvale nayo kanthambi ka masamba ambiri kamene kali padzuwa, mumange pakamwa pake ndi luzi. Pofika masana mudzapeza madontho adzaza m'jumbomo. Madzi amenewo anali pansi pa nthaka m'mawa. Chitani zimenezi ndi ana, amasangalala nazo. Koma asamwe madziwo, makamaka ochokera ku mtengo umene simuudziwa bwino.

Kabowo kalikonse kali ndi milomo iwiri yooneka ngati timbewu ta nyemba. Milomoyi ikakhuta madzi imapindika, kabowo nkutseguka. Madzi akachepa imafota, kabowo nkutsekeka. Nthaka ikayamba kuuma, mumtengo mumapangika mankhwala ake achibadwa amene amauza milomo ija kuti itseke, ngakhale tsamba lisanafote. Ndiye kuti mtengo umadziwa za chilala ife tisanaone chizindikiro chilichonse.

Mtengo womwewo, ku Ulóngwe ndi ku Tete

Anthu ophunzira za mitengo amafunsa funso limodzi: pa chigubu chimodzi cha madzi amene mtengo wataya, wapanga nkhuni zochuluka bwanji? Yankho silidalira mtundu wa mtengo wokha. Limadaliranso kwambiri malo amene mtengowo waima.

Chachikulu ndi kuuma kwa mpweya. Amayi mukudziwa kuti chitenje chochapa mu Okutobala chimauma musanamalize kuchapa chinzake, pamene mu Febuluwale chimatha tsiku lonse pachingwe. Tsamba nalonso ndi chimodzimodzi. Mpweya ukakhala wotentha ndi wouma, umakoka madzi pa timabowo mwamphamvu. Chakudya cholowa nchofanana, koma madzi otuluka achuluka.

Kuno ku Tete tili m'chigwa cha Zambezi, pansi penipeni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula ya chaka chonse imangozungulira mamilimita 600, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Madzi amene dzuwa ndi mphepo zingathe kuumitsa pa chaka amaposa mvula imeneyi kawiri ndi kupitirira. Ku Ulóngwe ndi ku Tsangano nkumtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Kumeneko kumazizira, mvula ndi yochulukirapo, m'mawa kumakhala mame. Choncho mbande imodzimodziyo, mukaidzala ku Angónia ipanga nkhuni zambiri pa chigubu chimodzi, mukaitsitsira ku Matundo ipanga zochepa. Nchifukwa chake malangizo amene m'bale wanu wa ku Calómuè kapena ku Dedza wakupatsani sangagwire ntchito onse kuno kuchigwa. Sananame ayi, kungoti mpweya wa kwawo si wa kuno.

Nthawi ya tsiku nayonso ili ndi gawo. Mitengo yambiri imagwira ntchito yake yaikulu m'mawa, dzuwa litatuluka koma kusanatenthe. Pofika 11 koloko kapena 12 koloko m'miyezi yotentha, timabowo timayamba kutsekeka, mtengo nkungodikira. Alimi athu amachita chimodzimodzi, amalawirira kumunda nkuweruka dzuwa lisanafike paliwombo.

Mphepo imachotsa kachinyontho kamene kamakhala pamwamba pa tsamba, ndiye mbande ya pamtetete imauma msanga kuposa ya kuseri kwa mpanda. Fumbi nalo limavutitsa. Inu okhala m'mbali mwa msewu wa magalimoto akuluakulu opita ku Zóbuè, kapena pafupi ndi migodi ya malasha ku Moatize, mumaona masamba atada bii. Fumbi limatchinga kuwala, limatenthetsa tsamba, ndipo lina limalowa pa timabowo nkulepheretsa milomo ija kutseka bwino.

Chomaliza ndi chonde. Tsamba la mtengo wodya bwino limaphika chakudya chambiri pa kutsegula komweko kwa timabowo. Mtengo wa panthaka yoguga umataya madzi pafupifupi ofanana, koma phindu lochepa. Manyowa a mbuzi, amene kuno ku Tete sitisowa, amathandiza kuti madzi amene mwathirira asapite pachabe.

Mitengo ya kwathu ili ndi nzeru zake

Yang'anani mitengo imene inamera yokha m'chigwa muno. Uliwonse unapeza njira yake.

Mtengo wa tsanya uli ndi masamba awiriawiri ngati mapiko a gulugufe. Dzuwa likakula mapikowo amayandikana nkulozetsa m'mphepete mwake kudzuwa, kuti asapse. Nchifukwa chake mthunzi wa tsanya ndi wosakhutiritsa. Chilimwe chikafika pachimake umayoyola masamba. Mlambe umasunga madzi m'thunthu lake lalikulu lija, ndipo umakhala miyezi yambiri wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Popanda tsamba palibe timabowo, palibenso madzi otayika. Msawu uli ndi masamba aang'ono, kunsi kwake kuli ubweya woyera umene umaphimba timabowo kuti mphepo isakoke madzi mosavuta. Masawu ndi malambe amene amadzaza pa msika wa Kwachena amachokera ku mitengo imene palibe anaithirirapo.

Msangu ndiye wodabwitsa. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, nkuphuka m'chilimwe. Mizu yake imapita pansi kwambiri kukafuna madzi. Chimanga kapena mapira a pansi pake salimbirana nawo madzi kapena dzuwa nthawi yolima, ndipo masamba ogwawo amasanduka manyowa. Ngati muli ndi msangu m'munda, chonde musaudule.

Pali zomera zina zimene zimachita kutembenuza nthawi. Khonje ndi chinanazi zimatsegula timabowo usiku kukazizira, masana nkutseka. Zimataya madzi ochepa kwambiri, koma taonani momwe zimachedwera kukula. Lamulo lake ndi lomwe lija: wosunga madzi amakula pang'onopang'ono.

Nanga bulugama?

Apa ndi pamene anthu amakangana, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Bulugama anachokera ku Australia. Amakula msanga, amaongoka, amapereka milimo ndi mapaso a nyumba m'zaka zochepa, ndipo mukamudula amaphukiranso. Nchifukwa chake makampani amamukonda. Ku Niassa, kufupi ndi Lichinga, kuli minda ikuluikulu ya paini ndi bulugama. Ku Zambézia ndi ku Manica kulinso minda ya bulugama ya kampani ya Portucel. Ku Malawi kuli Chikangawa pa mapiri a Viphya, kumene kunadzalidwa mahekitala oposa 50,000, ambiri a paini. Zindikirani kuti malo ngati Lichinga ndi Viphya ndi okwera, ozizira, a mvula yambiri.

Amene amateteza bulugama amati sawononga madzi, chifukwa pa chigubu chimodzi amapanga nkhuni zambiri kuposa mitengo ina yambiri. Zimenezi nzoona. Koma mawu amenewa akhoza kukusocheretsani. Kugwiritsa bwino ntchito chigubu chimodzi nkwina, kuchuluka kwa zigubu zimene watunga nkwinanso. Mayi wophika zitumbuwa zogulitsa akhoza kukhala wosamala mafuta kuposa inu pa chitumbuwa chilichonse, koma pakutha pa sabata wamaliza malita 5 pamene inu simunathe ndi botolo limodzi lomwe. Bulugama ali choncho. Amakhala ndi masamba chaka chonse, mizu yake imafika patali, ndipo pamene pali madzi satseka timabowo msanga. Pamene tsanya ndi mlambe zagona, iye akumwabe. Chitsime chanu sichiwerenga nkhuni, chimangoona kuti madzi akutsika.

Ku South Africa anayeza mitsinje kwa zaka zambiri, napeza kuti madzi amachepa pamene mapiri a udzu adzalidwa paini ndi bulugama. Lamulo lawo la madzi la 1998 limati wofuna kudzala munda wa mitengo yamalonda ayambe watenga chilolezo cha madzi. Kale ku Italy, m'zaka za m'ma 1870, ansembe a ku Tre Fontane kufupi ndi Rome anadzala bulugama dala m'malo a zithaphwi kuti aume, pofuna kuchepetsa malungo. Nthawi imeneyo anthu anali asanadziwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu, koma ankadziwa kale kuti mtengowu umamwa kwambiri.

Ine sindikuti bulugama ndi woipa. Banja likufunika milimo ndi nkhuni, ndipo mtengo wodzala nokha umapulumutsa tsanya amene akutha ndi makala. Ndikuti ali ndi malo ake. Kumtunda ku Angónia ndi Tsangano, pa chitunda, kutali ndi madzi, dzalani. Pa kasupe, m'dambo, m'mbali mwa kamtsinje kamene mudzi umadalira, kapena pafupi ndi chitsime chokumba pamanja, musadzale. Chimbudzi timati chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchoka pa chitsime. Kwa bulugama ine ndimalangiza kuti muyambire pamenepo, ndipo ngati ndi mitengo yambiri pamodzi, muitalikitse koposa. Kuno kuchigwa, kumene mvula ndi yochepa kale, munda wothithikana wa bulugama umalimbirana madzi wokhawokha, ndipo yambiri imangouma ikafika chaka chachilala ngati cha 2016 kapena 2024.

Zikukhudzana bwanji ndi umoyo?

Wina afunsa kuti, kodi pulogalamu ya zaumoyo yasanduka ya zaulimi? Ayi. Chitsime chikauma mu Okutobala, banja limapita kukatunga ku Zambezi, ku Revúbuè kapena pa chithaphwi. Kumeneko nkumene kumachokera kutsegula m'mimba, likodzo ndi kolera, osanenapo za ng'ona. Madzi akachepa pakhomo, choyamba kusiyidwa ndi kusamba m'manja. Ndipo amene amayenda mtunda wautali ndi chigubu pamutu ndi mayi kapena mtsikana, nthawi zina woyembekezera.

Mbali inayo nayonso ndi yoona. Madzi amene tsamba limataya ndi amene amaziziritsa. Thukuta likamauma pakhungu thupi limazizira, ndipo mtengo umachitanso chimodzimodzi kwa iwo wokha ndi kwa mpweya wouzungulira. Nchifukwa chake pansi pa mtengo wa mango pamazizira kuposa pansi pa chisakasa cha malata, ngakhale zonse ndi mthunzi. Malata amatchinga dzuwa koma amatentha nkukuwotchani kuchokera pamwamba. Pa kutentha kwa madigiri 40, makanda, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala amafooka msanga. Munthu akayamba chizungulire, mutu, mkodzo wochepa ndi wakuda, mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'pukute ndi nsalu yonyowa, ndipo amwe madzi oyera pang'onopang'ono. Akayamba kusokonezeka mutu, kukomoka, kapena mwana akakana kuyamwa, thamangani naye kuchipatala.

Ndiye mthunzi wabwino umagulidwa ndi madzi. Mu Okutobala, pamene tikuufuna kwambiri, mlambe ndi tsanya alibe masamba. Amene amatithandiza ndi mango, nimu ndi bwemba, amene amakhala obiriwira nthawi imeneyo. Mitengo iwiri kapena itatu yotere pabwalo, umodzi kumadzulo kwa nyumba kuti utchinge dzuwa la masana, ndi madzi ogwiritsidwa bwino ntchito. Mitengo 200 ya bulugama pamwamba pa kasupe wa mudzi ndi nkhani ina.

Kuti mbande ipulumuke ndi madzi ochepa

Zimene tanena za timabowo zikutiuza chochita. Dzalani mvula itakhazikika, nthaka itanyowa mpaka pansi, osati pa mvula yoyamba ya chizimalupsa. Dzalani madzulo kapena tsiku la mitambo. Pamene mwazula mbande, mizu ina yaduka, koma masamba onse akadali kutaya madzi. Ngati ili ndi masamba ambiri akuluakulu, chotsaniko ena apansi. Amene mumafesa nokha m'machubu, masabata omaliza muchepetse kuthirira ndi mthunzi pang'onopang'ono, kuti mbande izolowere isanapite kumunda.

Kumbani dzenje lalikulu, musakanize dothi la pamwamba ndi manyowa owola bwino. Siyani kabeseni kozungulira mbande, muphimbire ndi udzu wouma kapena mapesi, koma zisakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Kuphimbira kumathandiza kuti madzi adutse mumtengo, asangouma pamwamba pa dothi osagwira ntchito. Zulani udzu womera pafupi, chifukwa nawonso uli ndi timabowo take. Mangani kampanda ka minga kapena mapesi. Kamatchinga mbuzi, kamatchinganso mphepo.

Pothirira, ndi bwino kuthira madzi ambiri kawiri pa sabata kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Madzi a pamwamba amaitana mizu kuti ikhale pamwamba, pamene dothi limapsa. Thirirani madzulo kapena m'mamawa, kuti pamene timabowo tikutseguka dzuwa likamatuluka, madzi akhale atafika kale ku mizu. Mukaona mbande yafota masana, musathamangire chigubu. Pisani chala m'dothi. Ngati muli chinyontho ndipo madzulo masamba adzuka, mbandeyo inangotseka timabowo podikira kuti kuzizire. Ngati m'mawa ikadali yofota, pamenepo ndiye ili ndi ludzu lenileni.

Njira ina yosunga madzi ndi kukwirira mphika wadothi wosapaka kanthu pafupi ndi mbande, kukamwa kokha kuonekera, nkumaudzaza. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'mbali mwake. Botolo la pulasitiki loboola timabowo kunsi limagwiranso ntchito. Koma vundikirani pakamwa nthawi zonse. Madzi oima osavundikira ndi nyumba ya udzudzu, ndipo kabeseni kaja kasamakhale ndi madzi kufikira mawa lake.

Simuyenera kuthirira ndi madzi akumwa. Madzi otsukira mbale, osambira ndi otsukuluzira zovala amakwana, bola asakhale a sopo wambiri kapena a jiki. Athireni pansi pa mtengo, osati pa ndiwo zodya zosaphika. Madzi ochapira matewera, kapena zovala ndi zofunda za munthu wotsegula m'mimba, asapite ku mbande. Amenewo atayeni m'chimbudzi. Inu a m'mbali mwa msewu ndi a ku Moatize, kamodzi pa sabata tsukani masamba a mbande ndi madzi oyera pang'ono, pamwamba ndi kunsi komwe, madzulo dzuwa litapepa.

Zaka ziwiri zoyamba ndiye zovuta. Msawu, bwemba, nimu ndi msangu mizu yake ikafika pansi simudzathiriranso. Mtengo wa mango umafuna chithandizo nthawi yotalikirapo kuno kuchigwa, ndiye udzaleni kumene madzi a kubafa amathera. Chammwamba amakula msanga, amapirira chilala poyoyola masamba, ndipo masamba akewo ndi ndiwo zabwino kwa ana ndi amayi oyamwitsa.

Ngati kwanu kukubwera anthu ofuna malo oti adzalepo mitengo yambiri, kaya ndi kampani, bungwe kapena mpingo, pitani ku msonkhano wa kwa mfumu, amayi makamaka, chifukwa otunga madzi ndinu. Funsani kuti ndi mtengo wanji, udzalidwa motalikana bwanji, ndipo mzere woyamba udzakhala mamita angati kuchoka pa kasupe, dambo ndi zitsime. Komiti ya madzi iyambe chaka chino kuyeza chitsime ndi chingwe mwezi uliwonse, kumanga mfundo pamene madzi alekezera, nkulemba m'kope tsiku ndi muyezo wake. Mitengo ikadzakula mudzakhala ndi poyerekezera. Sabata yamawa tidzakamba za kusunga madzi akumwa m'nyumba nthawi yotentha, ndi momwe tingatsukire zigubu.